Kasungidwe ka mapasiwedi a anthu mu sisitimu yanu, ndi chifukwa chake MD5 muyisiye lero lomwe

Anzanga amene mukupanga timasisitimu kuno ku Dedza ndi ku Ntcheu, kaya ndi ka sukulu ya pulaiveti kosungira mafizi ndi zotsatira za mayeso, kaya ka SACCO, kaya ka kopaletivi ya alimi a kachewere ku Bembeke kapena ku Tsangano, tatsegulani phpMyAdmin pompano muone tebulo lanu la users. Yang'anani kolamu ya pasiwedi. Ngati zomwe zili mmenemo mukutha kuziwerenga, zonga dedza2024 kapena Yesu123, ndiye kuti zinthu sizili bwino olo pang'ono. Ngati mukuona zilembo ndi manambala zosakanikirana zokwana 32, monga e10adc3949ba59abbe56e057f20f883e, musapume mpweya wabwino, vuto likadalipo. Imeneyo ndi MD5 (njira yakale yobisira pasiwedi) ya 123456, ndipo mukangoikopera pa Google yankho libwera musanaphethire.

Nkhaniyi imandikhudza chifukwa anthu amene mapasiwedi awo tikusunga si achilendo ayi. Ndi aphunzitsi athu, amayi a banki mkhonde, alangizi, makalaliki. Ambiri mwa iwo ali ndi pasiwedi imodzi yokha pa moyo wawo wonse, yomweyo pa Facebook, yomweyo pa Gmail, ndipo manambala ali mkati mwakemo nthawi zina ndi PIN ya Mpamba kapena Airtel Money. Ndiye tebulo lanu likabedwa sikuti kwangotayika ka sisitimu kanu kokha, munthu amalandidwa Facebook kenako abale ake amayamba kulandira mauthenga oti ndili pa mavuto nditumizireni kangachepe. Iyeyo sanalakwe kanthu, anangokukhulupirirani.

Hashi ndi chani kwenikweni

Hashi ndi masamu amene amalandira chilichonse, kaya liwu limodzi kaya fayilo ya 4GB, nkutulutsa mzere wa utali wosasintha. MD5 imatulutsa ma bit 128, ndiwo zilembo 32 zija. SHA-1 imatulutsa ma bit 160, zilembo 40. SHA-256 ma bit 256, zilembo 64. Mukalowetsa chinthu chomwecho mulandira mzere womwewo nthawi zonse, pa kompyuta iliyonse. Mukasintha kachilembo kamodzi kokha mzere wonse usinthiratu osafanana nkomwe ndi woyamba. Ndipo chachikulu, palibe njira yobwerera mmbuyo.

Zili ngati kuchigayo. Chimanga chikalowa nkutuluka ufa, palibe makina obwezera ufawo kukhala chimanga. Apa ndi pomwe hashi imasiyanira ndi encryption, chifukwa encryption ili ndi kiyi ndipo amene ali ndi kiyiyo amatsegula nkuwerenga zonse. Pasiwedi sitiipanga encrypt, timaipanga hashi, chifukwa ifeyo eni sisitimu sitikufunika kuidziwa. Munthu akamalowa timatenga zomwe walemba, kuzipanga hashi, nkuyerekeza ndi hashi yomwe tinasunga. Zikafanana walowa. Basi. Komanso base64_encode si chitetezo chilichonse, ndikunena chifukwa ndimaionabe mu khodi ya anthu, aliyense amaibweza ndi mzere umodzi.

Ndiye wina afunsa kuti ngati sizibwerera, nanga Google yaidziwa bwanji 123456 ija? Wakuba sabweza ufa ayi. Iye amagayitsa chimanga chake nkuyerekeza ufa wake ndi wanu. Amatenga mndandanda wa mapasiwedi omwe anthu amakonda, kupanga hashi iliyonse, nkuona ngati ikufanana ndi ina mu tebulo lomwe waba. Mindandanda imeneyi ilipo yaulere. Mu 2009 kampani ya RockYou inabedwa mapasiwedi pafupifupi 32 miliyoni omwe inkasunga osawabisa konse, ndipo mpaka lero fayilo ya rockyou.txt ndiyomwe aliyense woswa mapasiwedi amayambira. Mapulogalamu ake monga Hashcat ndi John the Ripper nawonso ndi aulere, ndipo amadziwa machenjerero athu onse, kuika chilembo chachikulu poyamba, kusintha a kukhala @, kuwonjezera chaka kumapeto.

Vuto ndi liwiro

Apa ndikufuna mumvetse bwinobwino chifukwa ambiri amasokonekera pomwepa. Anthu anamva kuti MD5 inasweka, ndiye amangosintha md5() kukhala hash('sha256') nkuganiza kuti athana nazo. Zoona MD5, yomwe anapanga Ronald Rivest mu 1991, inasweka, mu 2004 gulu la Xiaoyun Wang ku China linaonetsa kuti mutha kupeza zinthu ziwiri zosiyana zotulutsa hashi imodzi, ndipo SHA-1 nayo inagwa chimodzimodzi mu 2017 pomwe Google ndi CWI Amsterdam anaonetsa ma PDF awiri osiyana okhala ndi hashi imodzi. SHA-256 ilibe vuto limenelo mpaka pano. Koma pa nkhani ya mapasiwedi limenelo si vuto lenileni. Vuto ndi loti onse atatuwa anapangidwa kuti azithamanga kwambiri, ndipo kuthamangako kumathandiza wakuba kuposa inu.

Inu mumapanga hashi imodzi munthu akamalowa. Wakuba amafuna kupanga mabiliyoni. Khadi limodzi la GPU la osewera magemu, ngati RTX 4090, limayesa ma MD5 oposa 100 biliyoni pa sekondi imodzi, ndipo SHA-256 ngakhale ili yochedwerapo imakhalabe mu mabiliyoni pa sekondi. Tiwerengere. Pasiwedi ya zilembo zazing'ono 8 ili ndi mitundu 26 kuchulukitsa yokha ka 8, pafupifupi 209 biliyoni. Pa MD5 imeneyo ndi nkhani ya masekondi ochepa kuyesa yonse, osasiyako ndi imodzi yomwe.

Tsopano ganizirani za kwathu kuno. Anthu angati amaika nambala yawo ya foni ngati pasiwedi? Nambala yoyamba ndi 099 kapena 088 imatsala ndi manambala 7 okha, ndiye kuti mitundu 10 miliyoni pa iliyonse. Kwa GPU zimenezo si ntchito nkomwe. Tsiku lobadwa, dzina la mwana ndi chaka, bullets kapena nomads kapena dynamos ndi manambala awiri kumapeto, zonsezi zimagwa pa mphindi yoyamba. Ndipo musadzinamize kuti liwu la Chichewa mahaka sangalidziwe. Mapasiwedi a Amalawi ali kale mmindandanda yobedwa ku masamba akuluakulu, komanso woba sisitimu ya sukulu ya ku Ntcheu nthawi zambiri si munthu wa kutali, ndi munthu wodziwa kuti chikondi ndi madalitso ndi mawu oyamba kuyesa.

Salt

Pali vuto lina. Ngati anthu 40 mu tebulo lanu ali ndi pasiwedi imodzi, mahashi awo onse amafanana, ndiye wakuba akaswa imodzi waswa 40, komanso hashi iliyonse yomwe wapanga amaiyerekeza ndi tebulo lonse nthawi imodzi. Atha ngakhale kugwiritsa ntchito matebulo owerengeratu kale, ma rainbow table aja omwe Philippe Oechslin anafotokoza mu 2003. LinkedIn inagwa mmenemu. Mu 2012 mahashi ake pafupifupi 6.5 miliyoni anatayidwa pa intaneti, anali a SHA-1 opanda salt, ndipo ambiri anaswedwa mmasiku ochepa. Mu 2016 zinadziwika kuti maakaunti obedwawo anali oposa 100 miliyoni.

Salt ndi ma byte osankhidwa mwachisawawa, osiyana kwa munthu aliyense, omwe amasakanizidwa ndi pasiwedi musanapange hashi. Si chinsinsi ayi, imasungidwa poyera pambali pa hashi. Ntchito yake ndi yoti anthu awiri a pasiwedi imodzi akhale ndi mahashi osiyana, kuti wakuba azilimbana ndi munthu mmodzimmodzi. Nzeru imeneyi ndi yakale ndithu, Robert Morris ndi Ken Thompson anailemba mu 1979 pofotokoza mmene Unix inkasungira mapasiwedi. Koma salt imodzi ya sisitimu yonse yolembedwa mu config.php si salt. Dzina la munthu kapena nambala yake ya foni si salt yabwino. Ndipo SHA-256 yokhala ndi salt ikadali yothamanga, ndiye salt payokha sikwanira.

Zoti mugwiritse ntchito

Chofunika ndi hashi yopangidwa dala kuti izichedwa, yoti inuyo mutha kuionjezera kuchedwako makompyuta akamakula mphamvu. Zodalirika zilipo zinayi. Bcrypt anaipanga Niels Provos ndi David Mazières mu 1999. Scrypt ya Colin Percival inabwera mu 2009 ndi nzeru yoti hashi izidyanso memory yambiri, chifukwa GPU imatha kupanga masamu ambiri nthawi imodzi koma memory yopatsa aliyense wa masamuwo ndi yochepa. Argon2 yochokera ku University of Luxembourg inapambana mpikisano wa Password Hashing Competition mu 2015, ndipo mtundu wake wa Argon2id ndiwo a OWASP, bungwe lopereka malangizo a chitetezo cha mapulogalamu a pa intaneti, amauika patsogolo lero. Yachinayi ndi PBKDF2, yomwe Django imagwiritsa ntchito mukapanda kusintha kanthu.

Ine maganizo anga ndi awa. Ngati seva yanu ili ndi Argon2id, tengani imeneyo. Ngati muli pa shared hosting yotchipa ija ambirife timakwanitsa, bcrypt ndi yokwanira ndipo musachite nayo manyazi. Chomwe sindikufuna kumva ndi choti mwapanga yanuyanu, zoti md5 ya sha1 ya pasiwedi yotembenuzidwa kenako md5 kachiwiri. Zimenezo zimaoneka zanzeru koma kwa GPU mwangoonjezera masitepe atatu pa ntchito yomwe imachita mabiliyoni, ndipo amene waba databezi nthawi zambiri waonanso khodi yanu.

Popeza ambiri kuno timalemba PHP tiyambire pomwepo. Kuyambira PHP 5.5, ya mu 2013, zonse zili kale mkati. Polembetsa munthu:

$hashi = password_hash($pasiwedi, PASSWORD_DEFAULT);

Ndi zomwezo basi. Salt imapanga yokha, inu musaikhudze. Chomwe chituluke chikhala mzere wa zilembo 60 woyamba ndi $2y$ kenako nambala ya cost yosonyeza mlingo wa kuchedwa kwa hashi, kenako zilembo 22 za salt ndi 31 za hashi yeniyeniyo, zonse mu mzere umodzi, ndiye simufunika kolamu yapadera ya salt. Kolamu yosungiramo ipangeni VARCHAR(255). Apa samalani, ngati kolamu yanu ikadali VARCHAR(32) ya nthawi ya MD5, MySQL yosakhala pa strict mode imangodula mzerewo mwakachetechete ndipo aliyense azikanidwa kulowa inu nkumasakasaka vuto kolakwika.

Munthu akamalowa, musaike pasiwedi mu WHERE ngati mmene matutoriyo akale a pa YouTube amachitira. Tengani kaye mzere wa munthuyo ndi dzina lake lokha, kudzera mu prepared statement ya PDO kapena mysqli, kenako:

if ($munthu && password_verify($pasiwedi, $munthu['hashi'])) {
    session_regenerate_id(true);
    // walowa
}

Musayese kupanga password_hash kachiwiri nkuyerekeza ndi ==, sizidzafanana chifukwa salt imakhala yatsopano ulendo uliwonse. Password_verify ndi yomwe imadziwa kutenga salt ndi cost mu mzere wosungidwawo. Ndipo == ya PHP ili ndi msampha wake woopsa. MD5 ya 240610708 ndi MD5 ya QNKCDZO zonse zimayamba ndi 0e kutsatiridwa ndi manambala okhaokha, ndiye PHP imaziwerenga ngati ziro nkunena kuti ndi zofanana. Tayesani nokha muone. Paliponse pomwe mukuyerekeza ma token (mizere yachinsinsi yozindikiritsa munthu) kapena mahashi pamanja gwiritsani hash_equals.

Mukafuna Argon2id, onani kaye ngati seva ili nayo ndi print_r(password_algos()), ikakhalapo sinthani PASSWORD_DEFAULT kukhala PASSWORD_ARGON2ID, inabwera mu PHP 7.3. A OWASP amati poyambira penipeni ndi memory ya 19 MiB, maulendo 2 ndi parallelism 1, osatsika pamenepo. A Laravel muli kale ndi Hash::make ndi Hash::check. A Django gwiritsani create_user kapena set_password, osati kulemba molunjika mu user.password. A Flask ndi Python wamba ikani argon2-cffi, a Node pali bcrypt ndi argon2 pa npm, ndipo pa Node tengani ya async kuti seva isaime kudikira munthu mmodzi. WordPress nayo inasamukira ku bcrypt mu 6.8 chaka cha 2025, ndiye ngati munapangira munthu webusaiti nkuisiya osaipanga update, kapangeni.

Cost ija imagwira ntchito chonchi: ndi 2 kudzichulukitsa yokha, cost 10 ndi maulendo 1,024, cost 12 ndi 4,096, mukaonjezera 1 nthawi imawirikiza kawiri. PHP inkayambira pa 10 mpaka PHP 8.4 pomwe anakweza kufika 12. Muyeze pa seva yeniyeniyo osati pa laputopu yanu, ikani microtime(true) kutsogolo ndi kumbuyo kwa password_hash, nkusankha cost yomwe ikutenga chapakati pa kota ndi theka la sekondi. Munthu amene akulowa ndi ka foni pa netiweki ya ku Lobi kapena ku Kasinje kota ya sekondi sangaizindikire nkomwe, tsamba lenilenilo limatenga nthawi yoposa pamenepo kutseguka. Koma kwa wakuba GPU ija yomwe imapanga mabiliyoni pa MD5 imatsika kufika masauzande ochepa chabe pa sekondi, ndipo chifukwa cha salt masauzandewo ndi a munthu mmodzi. Musakwezenso mopyola muyezo, mukaika cost 16 pa shared hosting, tsiku lotuluka zotsatira makolo onse akamalowa nthawi imodzi seva igwada.

Bcrypt ili ndi malire amodzi oti muwadziwe, imawerenga ma byte 72 oyamba okha, zotsalazo imazitaya. Kwa anthu ambiri si vuto, koma musamamatize zinthu zazitali kutsogolo kwa pasiwedi, monga imelo ndi dzina, chifukwa pasiwedi yeniyeniyo itha kugwera kunja kwa 72 nkusawerengedwa konse.

Nanga sisitimu ili kale pa MD5 ndipo anthu akuigwiritsa ntchito?

Apa ndi pomwe ambiri amagwa ulesi poopa kuuza anthu 600 kuti asinthe mapasiwedi. Simufunika kutero. Ngati mapasiwedi ali osabisa, lembani ka script kodutsa mzere uliwonse nkupanga password_hash, mwamaliza. Ngati ali a MD5, simungawabweze, koma mutha kuwakulunga. Dutsani tebulo lonse lero, hashi iliyonse yakale muiike mkati mwa bcrypt, password_hash($md5_yakale, PASSWORD_DEFAULT), nkuika chizindikiro mu kolamu ina kuti uyu ndi wokulungidwa. Munthu wotere akamalowa mupange password_verify(md5($pasiwedi), $hashi), zikatheka ndiye kuti pasiwedi yeniyeni muli nayo mmanja kwa kamphindi kameneko, pangani password_hash yatsopano yopanda md5, sungani, chotsani chizindikiro. Iye sadziwa nkomwe kuti chachitika nchiyani.

Njira yongodikira kuti aliyense alowe kaye kenako mumusinthe ndi yoperewera, chifukwa amene anasiya kulowa chaka chatha MD5 yawo ikhala mmenemo mpaka kalekale. Mukamaliza fufutani kolamu yakale, komanso musaiwale ma backup. Fayilo ya .sql ija ili pa flash, ili mu Downloads, ina munaitumiza pa WhatsApp kwa mnzanu kuti akuthandizeni, ina ili mu public_html ndi dzina loti backup.sql pomwe aliyense angaitsitse atangolemba dzinalo, zonsezo zili ndi mahashi akale. Ashley Madison mu 2015 inali ndi bcrypt ya cost 12 yabwinobwino, koma mu databezi momwemo munatsala ma token akale a MD5 opangidwa kuchokera ku mapasiwedi, ndipo anthu anaswa oposa 11 miliyoni podzera pamenepo osalimbana ndi bcrypt.

Muikenso password_needs_rehash pambuyo pa password_verify. Tsiku lomwe mudzakweze cost kapena kusamukira ku Argon2id, imeneyi izidzakuuzani kuti hashi ya uyu ndi yakale nkuisintha pomwe akulowa.

Woiwala pasiwedi

Ngati sisitimu yanu imatha kutumizira munthu pasiwedi yake yakale pa SMS, kapena admin amatha kuiona nkumuwerengera pa foni, ndiye kuti zonse tanenazi palibe. Ndikudziwa kuti eni ntchito ena amachita kupempha zimenezi, a hedi kapena a manejala amati ndikufuna ndizitha kuona mapasiwedi a antchito anga. Akanireni mwaulemu, muwapatse batani lopangira reset ndi mphamvu zoona zomwe akufunika kuona pa akaunti yawoyawo. Afotokozereni kuti izi zikuwateteza iwo omwe, chifukwa tsiku lomwe ndalama zidzasowe kapena magiredi adzasinthidwe, kalaliki adzanena kuti pasiwedi yanga amaidziwanso abwana, ndipo sipadzakhala poyambira kufufuza.

Reset yabwino imayenda motere. Pangani token ndi bin2hex(random_bytes(32)), osati rand() kapena md5(time()) chifukwa zimenezo zimalotedwa. Tumizani token kwa munthuyo mu linki, koma mu databezi musunge hash('sha256', $token) ndi nthawi yothera, mphindi 30 zikwana, ndipo ikagwira ntchito kamodzi ifufutidwe. Mwaona kuti apa SHA-256 ndaivomera? Ndi chifukwa choti token ya ma byte 32 achisawawa palibe angailote ngakhale GPU ithamange bwanji, pomwe pasiwedi yosankha munthu imalotedwa. SHA-256 si yoipa, ili ndi malo ake, monga kutsimikiza ndi sha256sum kuti ISO ya Ubuntu yomwe mwatsitsa usiku ndi bandulo yotchipa yafika yathunthu. Poti anthu athu ambiri imelo saitsegula, mwina muzitumiza khodi ya manambala 6 pa SMS. Ipangeni ndi random_int, ithe pa mphindi 10, ndipo munthu akaphonya kangapo khodiyo isiye kugwira ntchito, chifukwa mitundu yake ndi 1 miliyoni yokha.

Zomwe bcrypt singakuchitireni

Ndisakunamizeni kuti mukaika password_hash mwamaliza. Nambala ya foni ija ya mitundu 10 miliyoni, ngakhale pa bcrypt ya cost 12, munthu wofunitsitsa akaunti imodzi aipeza pa maola angapo. PIN ya manambala 4 ili ndi mitundu 10,000 basi, imagwa pa masekondi kaya mwagwiritsa Argon2id. Ndiye mbali ina ya ntchito ndi kuletsa mapasiwedi ofooka asalowe nkomwe. Polembetsa, kanani pasiwedi yofanana ndi nambala ya foni ya munthuyo, dzina lake, dzina la sukulu kapena la SACCO, kapena ya manambala okhaokha. Khalani ndi ka mndandanda kanu ka mawu otchuka kuno. Pali Pwned Passwords ya Have I Been Pwned, ya Troy Hunt, yaulere, yomwe mumatumiza zilembo 5 zoyamba zokha za SHA-1 ya pasiwedi, iyo nkukubwezerani mahashi onse obedwa oyamba choncho, inu nkuyang'ana nokha ngati yanu ilipo, pasiwedi osachoka pa seva yanu.

Utali ndi umene umathandiza kuposa zizindikiro. NIST, nthambi ya boma la America yokhazikitsa miyezo, mu malangizo ake a SP 800-63B a mu 2017 inasiya zokakamiza chilembo chachikulu, nambala ndi chizindikiro, inasiyanso zosinthitsa anthu pasiwedi pakapita nthawi popanda chifukwa, poona kuti zimangobala Dedza@01 kenako Dedza@02 ndi kapepala komata pansi pa kiyibodi. Panthawiyo inati zilembo zisachepere 8 ndipo muzilola mpaka 64 kapena kuposa. Ine ndimapempha 12 ndipo ndimauza anthu kuti asankhe mawu anayi kapena asanu osagwirizana, a Chichewa omwewa, osati mwambi kapena vesi yodziwika. Mayi wa ku Lizulu mawu anayi awakumbukira bwinobwino kuposa zizindikiro zomwe pa ka foni kake zimavuta kupeza. Musaletse space, musaletse paste.

Ngati ntchito yanu ikufunadi PIN, monga ya USSD kapena app ya ma agent, chitetezo chake chenicheni ndi kuchepetsa mwayi woyesa. Akaphonya ka 5 mudikiritseni, akapitiriza onjezerani nthawi, ndipo muziwerenga pa akaunti komanso pa IP. Apa ndi pomwenso pepper imathandiza, kiyi yachinsinsi yomwe siikhala mu databezi koma mu .env kunja kwa public_html, mumapanga hash_hmac('sha256', $pin, $pepper) kenako zotulukazo nkuzipatsa password_hash. Woba databezi yokha kudzera mu SQL injection (kulowetsa malamulo a databezi pa fomu ya webusaiti) sangayese kanthu popanda pepper. Koma muisunge bwino, ikatayika palibe adzalowenso, ndipo .env isapite pa GitHub.

Tina tating'ono koma timapweteka. Uthenga wokana ukhale umodzi, dzina kapena pasiwedi sizolondola, osamuuza munthu kuti dzina lilipo koma pasiwedi ndi yomwe yalakwika. Musalembe $_POST yonse mu log, mapasiwedi amathera mu error_log osabisa. Kupanga hashi mu JavaScript pa foni ya munthu sikulowa mmalo mwa HTTPS, hashiyo ndi yomwe imasanduka pasiwedi, ndipo satifiketi ya Let's Encrypt ndi yaulere ndiye palibe chowiringula. Zoti hint kapena funso loti munabadwira kuti zichotseni, kwathu kuno aliyense amadziwa mudzi wa mnzake ndi dzina la mayi ake. Adobe mu 2013 inabedwa maakaunti pafupifupi 150 miliyoni, mapasiwedi anali a encryption ya kiyi imodzi mmalo mwa hashi ndipo ma hint anali poyera, anthu ankangowerenga ma hint a onse okhala ndi mzere wofanana nkulota pasiwedi. Ndipo akaunti zopangidwa ndi admin, zija aliyense amapatsidwa 1234 kapena dzina la sukulu poyamba, aliyense apatsidwe yakeyake yachisawawa ndipo sisitimu imukakamize kusintha akangolowa koyamba.

Kumbali ya malamulo, Malawi ili ndi Data Protection Act ya 2024 yomwe MACRA ndi imene ikuyang'anira, kuwonjezera pa Electronic Transactions and Cyber Security Act ya 2016. Ndiye kusamala zinthu za anthu zomwe mwasunga si kufuna kwanu kokha ayi, ndipo mukamalemba quotation ya ntchito muziikamo nthawi ya zimenezi osachita manyazi kuilipiritsa. Zikachitika kuti databezi yatuluka, ngakhale ili pa bcrypt, musabise. Auzeni eni sisitimu tsiku lomwelo, thetsani ma session onse, kakamizani aliyense kusintha pasiwedi, ndipo muwauze anthuwo momveka mu Chichewa kuti ngati pasiwedi yomweyo anaiika pa Facebook, pa Gmail kapena ikufanana ndi PIN ya ndalama za pa foni, akasinthenso kumeneko.